Madzi Abwino Kumwa Akhoza Kukhala Oopsa M'mphuno

Chaka chilichonse, kuyambira mu Ogasiti pamene mphepo imayamba kuulutsa fumbi pamodzi ndi utsi wa lupsa, kufikira mvula yoyamba itagwa, ine ndimapumira kukamwa. Mutu umalemera pamwamba pa maso, masaya amapweteka ndikawerama kuti ndimange zingwe za nsapato, ndipo usiku ndimadzidzimuka kukhosi kutauma gwaa. Dokotala amene anandipima anandiuza kuti vuto lili m'masainasi, timphako ta m'mafupa a nkhope tomwe timalumikizana ndi mphuno kudzera m'tinjira topapatiza kwambiri. Tinjirato tikatupa chifukwa cha fumbi kapena mungu wa maluwa, mamina amasowa potulukira ndipo amangodzazana m'kati momwemo. Kuwonjezera pa mankhwala amene anandilembera, anandilangiza kuti ndizitsuka m'mphuno ndi madzi a mchere.

Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndiye anandibweretsera kachiwiya kogwirira ntchito imeneyi. Kamatchedwa neti pot, ndipo kamaoneka ngati kathipoti kakang'ono ka mlomo wautali. Anthu ochita yoga ku India akhala akutsuka m'mphuno ndi madzi a mchere kwa zaka mazana ambiri, ndipo ku America kachiwiyaka kanatchuka kwambiri m'chaka cha 2007 katasonyezedwa pa pulogalamu ya pa kanema ya Oprah Winfrey. Pa kapepala komwe kanali m'bokosi panali chenjezo la zilembo zikuluzikulu lakuti madzi ake azikhala owiritsa kapena ogula ku sitolo ya mankhwala, ndipo ine ndinkalitsatira mokhulupirika. Chimene chandichititsa kulemba nkhani ino ndi funso limene mnyamata wa m'nyumba mwanga anandifunsa pa za chenjezo limeneli.

Loweruka la mu Okutobala

Linali Loweruka, dzuwa likuswa mtengo. Pampopi madzi anali atasiya kutuluka kuyambira dzulo lake, choncho banja lonse linkadalira mgolo wa pulasitiki wabuluu umene umakhala kuseri kwa nyumba, momwe timasungira madzi a pampopi podziwa kuti masiku otere sachedwa kubwera. Mwana wa mchemwali wanga, amene amakhala nafe pamene akuphunzira ku sekondale, anali ndi chimfine chomwe chinamutseka mphuno zonse ziwiri moti ngakhale mawu ake anali atasintha. Nditabwerako kumsika chakumasana, ndinamva munthu akutsokomola ndi kulavula m'bafa, ndipo chitseko chinali chotsegula pang'ono.

Ndinamupeza atawerama pa beseni, mutu ataupendeketsa bwino lomwe, kachiwiya kanga kali m'dzanja lake lamanja. Madzi ankadontha kuchokera m'mphuno inayo, maso ali psuu, misozi ikulengeza. Pansi pambali pake panali kapu imene timatungira mu mgolo ndi paketi ya mchere ya kukhitchini. Zonse anali ataonera kwa ine: kaweramidwe, kapendeketsedwe ka mutu, ngakhale kupumira kukamwa. Chimene sanachionepo chinali chimodzi chokha, chifukwa chimachitikira kukhitchini iye asanadzuke.

"Madziwo watunga kuti?" ndinamufunsa.

"Mu mgolo, amalume. Mchere ndathiramo ngati mmene mumachitira inuyo."

"Wawawiritsa?"

"Ayi, amalume. Ndi ofunda kale ndi dzuwali, ndiye ndinaona kuti palibe chifukwa chokolezera mbaula."

Ndinamulanda kachiwiyako, ndinamuuza kuti amine pang'onopang'ono, ndipo ndinamuletsa kuti asadzayesenso kuthira madzi osawiritsa m'mphuno mwake. Iye ndi mwana waulemu ndipo sanatsutse. Anapukuta kumaso ndi thaulo, kenako anandiyang'ana n'kufunsa mofatsa, monga munthu amene akufunadi kumvetsa: "Koma amalume, madzi omwewa si amene tamwa pa nkhomaliro? Ngati ndi oipa, bwanji mukutilola kumwa?"

Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kuvundukula mgolowo. Madzi anali oyera mbee, opanda fungo lililonse, moti munthu aliyense waludzu akanamwa mosakayika. Nditapisamo dzanja ndinamva kuti ndi ofundadi, ndipo nditayendetsa chala m'mbali mwa mgolo, chakunsi kumene madzi samatha, ndinamva kuti m'moterera. Mfundo ya mnyamatayo inali yomveka. Ngati madzi ndi abwino kumeza, n'chiyani chimene chimawasandutsa oopsa akangolowera pa khomo lina la mutu womwewo?

Masiku otsatirawo ndinkamuyang'anitsitsa mwanayo kuposa mmene iye ankafunira. Akangoti mutu ukumupweteka, ndinkamugwira pachipumi n'kumuuza kuti agunditse chibwano pachifuwa, kuti ndione ngati khosi silinayambe kuuma. Chimfine chinatha chokha ndipo palibe choipa chimene chinamuchitikira, monga mmene zimakhalira ndi pafupifupi anthu onse amene anachitapo zofanana ndi zimenezi. Funso lake ndi limene linatsala, ndipo linasintha mmene ndimaionera ntchito yonseyi. Kuyambira pamenepo ndimaona kuti gawo lalikulu la kutsuka m'mphuno limachitikira pamoto, kachiwiya kasanagwiridwe n'komwe.

Denga la mphuno

Yankho la funsolo lili m'kapangidwe ka thupi la munthu. Madzi amene timamwa amatsikira m'mimba, mmene muli asidi wamphamvu amene amapha tizilombo tambiri tisanachite kanthu. M'mphuno mulibe chitetezo chotere. Kumwamba kwenikweni kwa mphuno, pakati pa maso awiri, kuli kafupa kopyapyala kokhala ndi tibowo tambirimbiri, ndipo m'tibowomo mumadutsa timitsempha tomwe timapititsa fungo ku ubongo. Munthu akamva kuti ndiwo zapserera, uthengawo umakhala wadzera pamenepo. Pa malo amenewa ubongo uli pafupi kwambiri ndi kunja kwa thupi, ndipo kachilombo kamene kangathe kutsatira timitsempha timeneti kamakhala kapeza njira yachidule.

Kachilombo kotere kalipo. Dzina lake ndi Naegleria fowleri, ka mtundu wa amiba, kosaoneka ndi maso, ndipo matenda amene kamayambitsa anafotokozedwa koyamba m'chaka cha 1965 ndi madokotala awiri a ku Adelaide m'dziko la Australia, Malcolm Fowler ndi Rodney Carter. Kamakhala m'dothi ndi m'madzi ofunda opanda mchere, monga m'madamu, m'mitsinje yoyenda pang'onopang'ono, mu akasupe otentha, komanso m'mapaipi ndi m'mathanki momwe klorini watha mphamvu. Kamakonda kutentha moti kamaswana ngakhale madzi atafika madigiri 46, ndipo chakudya chake cha masiku onse ndi mabakiteriya. Munthu akakameza sadwala, ndipo wodwala sangapatsire mnzake. Koma kakalowa ndi madzi m'mphuno n'kufika kudenga kuja, kamatha kukwera mpaka mu ubongo, kumene kamaononga minofu ndi kutupitsa ubongowo mofulumira kwambiri.

Zizindikiro zimayamba pakapita masiku pafupifupi 5, ngakhale kuti zimatha kuoneka patangopita tsiku limodzi kapena kuchedwa mpaka masiku 12. Poyamba mutu umapweteka kwambiri, thupi limatentha, ndipo munthu amachita nseru ndi kusanza. Kenako khosi limauma, maganizo amasokonezeka, ndipo wodwalayo amayamba kukomoka. Ambiri amamwalira patangopita masiku ochepa chiyambireni zizindikirozi. Bungwe la CDC, lomwe limayang'anira za kupewa matenda ku America, linawerenga anthu 164 amene anadwala matendawa m'dzikolo kuyambira 1962 kufika 2023, ndipo mwa onsewo anapulumuka ndi 4 okha.

Mnyamata uja ankaganiza kuti mchere umene anathira m'madzi unali wokwanira kuwayeretsa, ndipo anthu ambiri amaganiza choncho. N'zoona kuti kachilomboka sikakhala m'madzi a m'nyanja ya mchere. Koma mchere umene mphuno ingapirire ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi umenewo, ndipo ofufuza atayesa anapeza kuti kachilomboka kamakhalabe kamoyo kwa maola angapo m'madzi a mchere otsukira m'mphuno, pomwe munthu amasungunula mcherewo n'kuthira m'mphuno nthawi yomweyo.

Zimene zinachitika kwa ena

M'chaka cha 2011, m'chigawo cha Louisiana ku America, anthu awiri a m'madera osiyana, mwamuna ndi mkazi, anamwalira ndi matendawa motsatizana m'miyezi yochepa. Onse awiri anali asanasambire m'dziwe kapena mumtsinje masiku amenewo. Chimene ankachita mofanana chinali kutsuka m'mphuno ndi neti pot pogwiritsa ntchito madzi a pampopi, ndipo ofufuza atatapa madzi m'nyumba zawo anapeza kachilomboka m'mipopi ndi m'chipangizo chotenthetsera madzi.

M'chaka cha 2018 madokotala a ku Seattle analemba za mayi wa zaka 69 amene ankatsuka m'mphuno ndi madzi a pampopi odutsa m'kasefa kokometsera madzi akumwa. Anayamba ndi kachilonda pamphuno komwe sikanapole kwa pafupifupi chaka chathunthu, aliyense akuganiza kuti ndi matenda a pakhungu, mpaka pamene anayamba kukomoka. Mu ubongo wake anapezamo amiba ya mtundu wina, Balamuthia mandrillaris, yomwe imagwira ntchito yake pang'onopang'ono, ndipo madokotalawo anaganiza kuti inalowera m'madzi otsukira aja. M'chaka cha 2024 mayi wina wa zaka 71 anamwalira ku Texas atatsuka m'mphuno ndi madzi a pampopi wa m'galimoto yokhala ndi malo ogona, pa msasa wina wa anthu oyenda maulendo okasangalala. Kafukufuku wina wa CDC anapeza kuti pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse amene anafunsidwa ku America ankakhulupirira kuti madzi a pampopi ndi abwino kutsukira m'mphuno, choncho maganizo a mwana wa mchemwali wanga si achibwana monga mmene angaonekere.

Ziwerengerozi ziyenera kumveka moyenera. Anthu mamiliyoni amasambira m'madzi ofunda ndi kutsuka m'mphuno chaka chilichonse, ndipo odwala matendawa ndi ochepa zedi. Munthu amene wachita zimenezi kamodzi ndi madzi osawiritsa alibe chifukwa chogonera wosatseka maso. Chimene chimandichititsa kuumirira ndi kusiyana kwa mitengo ya zinthu ziwirizi. Kupewa kumangodya makala ochepa ndi mphindi zochepa, pomwe matendawo akagwira munthu, ngakhale zipatala zokhala ndi zipangizo zonse zimalephera kupulumutsa pafupifupi aliyense.

Mgolo wathu ndi thanki ya padenga

Nkhani za ku America zikhoza kumveka zakutali, koma ya ku Karachi m'dziko la Pakistan ikufanana kwambiri ndi mmene ambiri a ife timakhalira. Mzinda umenewu ndi wotentha, madzi sabwera pampopi nthawi zonse, ndipo mabanja ambiri amawasunga m'mathanki. Kuyambira m'chaka cha 2008 matendawa akhala akupha anthu kumeneko pafupifupi chaka ndi chaka, ambiri mwa iwo osasambirako m'dziwe lililonse, ndipo ofufuza amaloza chala madzi a m'nyumba omwe alibe klorini wokwanira. Kuno kufupi, m'chaka cha 2017 madokotala a ku Zambia analemba za mnyamata wina amene anamwalira ndi matenda omwewa, zomwe zikusonyeza kuti kachilomboka kalipo m'chigawo chathu chino.

Klorini amene amathiridwa m'madzi a pampopi sakhalitsa. Madzi akaima mu mgolo, m'chigubu kapena m'thanki ya padenga, mphamvu yake imachepa tsiku ndi tsiku, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuchepako. Kuterera kumene ndinamva m'mbali mwa mgolo wathu ndi mabakiteriya amene amamatirana pa pulasitiki, ndipo amenewo ndiwo chakudya cha amiba. Madzi a pamjigo ndi a pachitsime ndiye alibiretu klorini, ngakhale atakhala ozizira bwino ndi okoma kumwa. Giza imene imazimitsidwa nthawi zambiri pofuna kusunga magetsi imasunga madzi ofunda chabe, omwe kachilomboka kamakonda. Ngakhale madzi a m'mabotolo ogula m'sitolo anakonzedwa kuti akhale abwino kumwa basi, choncho nawonso ayenera kuwiritsidwa asanalowe m'mphuno.

Chenjezo lomweli likukhudzanso abale athu achisilamu, amene amakokera madzi m'mphuno posamba asanapemphere. Akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti madzi a gawo limenelo la kusamba azikhala owiritsa ndi ozizitsa, makamaka m'miyezi yotentha ndiponso pamene madziwo achokera m'thanki.

Bwanji osangosiya?

Munthu akamva zonsezi angaganize kuti chanzeru n'kutaya kachiwiyako n'kubwerera ku njira imene tinazolowera, yofukiza ndi madzi otentha a masamba a bulugamu utafunda bulangete. Ine sindinatero, ndipo chifukwa chake chilipo. M'kati mwa mphuno muli tiubweya tosaoneka ndi maso tomwe timakankhira mamina kumbuyo, kukhosi, pamodzi ndi fumbi lomwe lamatirira m'maminamo. Mamina akauma kapena akalimba, tiubweyato timalephera ntchito. Madzi a mchere amafewetsa maminawo, amakokolola fumbi ndi mungu, ndipo amasiya njira yotseguka kuti mankhwala opopera m'mphuno afike pamene akufunika.

M'chaka cha 2016, gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Pulofesa Paul Little wa pa yunivesite ya Southampton ku England linasindikiza zotsatira za kafukufuku wa anthu 871 amene ankavutika ndi masainasi kwa nthawi yaitali kapena mobwerezabwereza. Amene analangizidwa kutsuka m'mphuno ndi madzi a mchere anapezako bwino pakutha pa miyezi 6 ndipo ankagula mankhwala ochepa, pomwe kufukiza kunangochepetsako kupweteka kwa mutu koma sikunasinthe zizindikiro zinazo. Phindu la kutsuka silinali lalikulu modabwitsa, ndipo ndi mmenenso ine ndimalionera: mutu umapepuka, tulo timabwera, koma fumbi la mu Okutobala limakhalapobe. Kufukiza kuli ndi ngozi yakenso, chifukwa beseni la madzi obwata pansi pa bulangete lapsereza ana ambiri.

Ntchito ya kukhitchini

Madzi ndimawawiritsa m'poto wovundikira, osati m'ketulo ya magetsi, chifukwa ketulo imadzizimitsa yokha madzi akangoyamba kubwata. Bungwe la CDC limati madzi abwate kwa mphindi imodzi, kapena mphindi zitatu m'malo okwera pafupifupi mamita 2,000 ndi kupitirira, pomwe bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala ku America komweko, limati abwate kwa mphindi 3 mpaka 5. Ine ndimatsatira mphindi zisanu, ndipo ndimayamba kuwerenga pamene madzi akubwata kwenikweni, osati pamene tithovu tayamba kuoneka pansi pa poto. Ngati madzi abwera ofiirira, monga mmene amachitira mpopi ukangoyambiranso, ndimayamba ndawasiya kuti adikhe, n'kuwasefa ndi nsalu yoyera, kenako n'kuwateleka.

Akaphulidwa amazizira okha ali chivundikirire mpaka atakhala ofunda pang'ono, oti ukadonthezera pa mkono sukumva kutentha kapena kuzizira. Apa ndi pamene munthu wofulumira amaononga ntchito yonse, pothiramo madzi ozizira osawiritsa kuti azizire msanga. Otsala ndimawasunga m'botolo loyera lotseka bwino, ndipo akapitirira maola 24 ndimathirira maluwa. Amene angakwanitse akhoza kugula ku sitolo ya mankhwala madzi olembedwa kuti distilled kapena sterile, kapenanso madzi a mchere okonzeratu. Madzi a batire ogulitsidwa pa malo omwetsera galimoto asayesedwe n'komwe, ngakhale botolo lake litalembedwa mawu ofananawo, chifukwa sanakonzedwe kuti alowe m'thupi la munthu.

Mlingo wa mchere ndi magalamu 9 pa lita imodzi ya madzi, wofanana ndi wa madzi a mchere amene amaika m'diripi kuchipatala. Pa theka la lita, zimenezi zikutanthauza supuni ya tiyi imodzi yosadzaza kwenikweni. Madzi opanda mchere amaluma m'mphuno, ndipo a mchere wambiri amalumanso, monga anaonera mnyamata uja maso ake atafiira. Malangizo ambiri amanena za mchere wopanda ayodini, womwe kwathu kuno supezeka wamba popeza mchere wa m'masitolo umayenera kukhala ndi ayodini mwalamulo. Wa ayodini si woopsa, kungoti kwa anthu ena umayabwa pang'ono; timapaketi ta mchere wokonzera ntchito imeneyi timathetsa vutolo ngati tapezeka. Mcherewo ndimauthira madzi akadali pamoto kuti nawonso uwire. Madzi akazizira ndimawonjezera kasoda kotapa ndi zala ziwiri, soda yemweyo wa m'paketi amene timathira m'therere, chifukwa amachepetsa kuluma. Chidulo ndi baking powder ndi zinthu zina ndipo siziyenera kulowa m'mphuno.

Pa beseni

Ndikasamba m'manja ndi sopo, ndimadzaza kachiwiyako n'kuwerama pa sinki kapena pa beseni, nkhope itayang'ana pansi. Kenako ndimapendeketsa mutu chammbali kufikira mphuno imodzi ili pamwamba pa inzake, chipumi ndi chibwano zili pa mlingo umodzi. Ndimatsegula kukamwa, ndimalowetsa mlomo wa kachiwiya m'mphuno ya pamwambayo mokwanira kungotseka bowolo, n'kukakweza pang'onopang'ono. Kwa kanthawi kochepa zimakhala ngati palibe chikuchitika, kupatula kamphepo kofunda kamene kamamveka kakuyenda kuseri kwa maso. Kenako madzi amazungulira kumbuyo kwa khoma lolekanitsa mphuno ziwirizi n'kuyamba kutuluka m'mphuno ya pansi, poyamba madontho, kenako kamzere kosadukiza. M'nyengo ya fumbi madzi oyambawo amatuluka ndi timizere tofiirira, ndipo munthu amaona ndi maso ake zimene wakhala akupuma mumsewu tsiku lonse.

Madzi akayamba kutsikira kukhosi, ndiye kuti mutu wadzuka kwambiri, ndipo kungoweramitsa chipumi pang'ono kumakonza zimenezo. Nthawi yonseyi kupuma n'kwa kukamwa, popanda kulankhula kapena kumeza. Theka la madzi likatha ndimachotsa kachiwiya, ndimamina, n'kutembenuzira mutu mbali inayo. Kuminako kuzikhala kofatsa, mphuno zonse ziwiri zili zotsegula, chifukwa kumina mwamphamvu mphuno imodzi itatsinidwa kumakankhira madzi m'kanjira kopita kukhutu, ndipo khutulo limatsekeka kapena kupweteka. Madzi ena amatsalira m'kati n'kudzatuluka mwadzidzidzi munthu akawerama patapita nthawi, n'chifukwa chake sinditsuka ndikatsala pang'ono kugona kapena kupita pagulu. Ngati pali mankhwala opopera m'mphuno, amabwera pambuyo pa kutsuka kuti asakokoloke. Kamodzi kapena kawiri pa tsiku n'kokwanira m'nyengo yovutayo, ndipo mvula ikagwa, mphuno n'kutseguka, kachiwiyako kamapita pa shelefu.

Ndikamaliza ndimakatsuka ndi sopo, ndimakatsukuluza ndi madzi owiritsa omwe aja, n'kukavundikira chafufumimba pa malo oyera kuti kaume konse, chifukwa chinyezi chotsalira m'mlomo mwake chimaswetsa mabakiteriya. Kutsukuluza ndi madzi a mu mgolo n'kubweza zomwe munthu wathawa. Kachiwiyaka sikabwerekedwa, ngakhale kwa mkazi kapena mwamuna wako, ndipo ka pulasitiki kakayamba ming'alu kapena kusintha mtundu kayenera kutayidwa.

Amene ayenera kufunsa kaye

Munthu amene khutu likumupweteka kapena likutuluka mafinya, amene mphuno yatsekeratu moti mpweya sukudutsa, amene amatuluka kamfuno kawirikawiri, kapena amene wachitidwa opaleshoni ya mphuno kapena khutu posachedwa, asayambe zimenezi asanaonane ndi dokotala. Ana aang'ono nawonso asathiridwe madzi m'mphuno ndi kachiwiyaka popanda uphungu wa achipatala. Anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, kaya chifukwa cha HIV, mankhwala a khansa kapena matenda ena, ayenera kusamala koposa. M'chaka cha 2024 ofufuza a CDC anafotokoza za odwala 10 amene anagwidwa ndi amiba ya mtundu wa Acanthamoeba ndipo ankatsuka m'mphuno, ndipo onse khumiwo anali ndi chitetezo cha m'thupi chofooka.

Palinso nthawi imene madzi a mchere sakwanira. Ngati mphuno yakhala yotsekeka kupitirira masiku 10 popanda kusintha, ngati thupi likutentha, ngati mozungulira diso mwatupa, kapena mamina onunkha akutuluka mbali imodzi yokha, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala.

Ndipo ngati wina m'nyumba wathira madzi osawiritsa m'mphuno, kapena wadumphira m'dziwe lofunda madzi n'kumulowa m'mphuno, kenako m'masiku 12 otsatira n'kuyamba kumva mutu woopsa, kutentha thupi ndi kusanza, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuti khosi liume. Zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za malungo ndiponso za matenda oumitsa khosi, ndipo n'zomveka kuti achipatala adzayambira kuyeza zimenezo, chifukwa ndizo zofala. Woperekeza wodwalayo anene momveka bwino, ngakhale asanafunsidwe, kuti madzi analowa m'mphuno, anali ochokera kuti, ndiponso linali tsiku liti. Ochepa amene anapulumukapo matendawa ndi amene anazindikiridwa msanga n'kuyamba kulandira mankhwala angapo pamodzi, kuphatikizapo amphotericin B, ndipo dokotala sangaganizire za amiba ngati palibe amene wamuuza za madziwo.